Kodi mnzako wa kumudzi akadali mnzako?

Ambiri a ife amene timadzaza tchalitchi chino Lamulungu lililonse sitinabadwire mumzinda muno. Ena tinabwera ndi sukulu, ena ndi ntchito, ena ndi banja, ena pothawa njala. Mukamufunsa munthu kuti kwawo n'kuti, satchula Kawale kapena Area 25 ngakhale atakhalako zaka 20. Amatchula mudzi, mfumu ndi boma. Kumudziko tinasiyako abale, ndipo za abale timakumbutsana kawirikawiri, poti chibale ndi fupa, sichiola. Koma tinasiyakonso anzathu amene si magazi athu, amene palibe mwambo kapena lamulo lotikakamiza kuwakumbukira. Za iwowa sitilankhula kwenikweni, komabe ndi amene mayina awo amatisowetsa mtendere akaoneka pa foni kumapeto kwa mwezi.

Ine ndinakulira kufupi ndi Bembeke ku Dedza, kumene mwezi wa Juni chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Tinalipo ana angapo amene tinkayendera limodzi ku sukulu, wina atanyamula tsache, wina khasu. Mpira wathu unali chikulunga, ndipo amene ankadziwa kuchimanga bwino ndiye ankasankha timu. Anthu akatha kukolola tinkasaka mbewa, mvula yoyamba ikagwa tinkagwira ngumbi, nyengo ya masuku tinkabwerera kunyumba mimba zili tayale. Mbatatesi imodzi yootcha m'phulusa tinkagawana anthu anayi, ndipo amene watenga mbali yaikulu ankanyozedwa mpaka mawa lake. Sindikunena kuti tinali angelo. Tinkamenyana, tinkanenerana kwa aphunzitsi, tinkasekana zigamba. Koma panalibe amene ankaopa mnzake.

Chimene chinatilekanitsa si mkangano. Unali mndandanda wa mayina umene unabwera titalemba mayeso a Sitandade 8. Awiri tinasankhidwa, ena sanasankhidwe. Amene ankatiposa tonse masamu anabwereza kalasi, bambo ake anamwalira chaka chomwecho, ndipo sanabwererenso ku sukulu. Lero amalima mbatatesi ndi tomato. Wina ali ku Joni. Wina amayendetsa kabaza muno mu Lilongwe. Mtsikana amene ankatitsogolera pa katekisimu anakwatiwa asanafike zaka 17. Nkhaniyi si yanga ndekha. Sinthani dzina la mudzi, muika mayina anu.

Tsono pali chinthu chaching'ono chimene chimachitika m'chilankhulo chathu, chimene ndimachiona ngati chizindikiro cha zonse. Munthu amene munkaitanana naye "iwe", amene ankakutchulani dzina lachipongwe limene mkazi wanu kapena mwamuna wanu salidziwa n'komwe, tsiku lina amakupatsani moni ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mwafika bwanji, bwana?" Palibe amene anamuuza kutero. Anangoona nsapato zanu, kapena anamva kuti munamaliza ku yunivesite. Ulemu ndi wabwino, ndipo munthu akakula n'kukhala ndi banja timasintha ndithu kaitanidwe kake. Koma "inu" wa ulemu timamudziwa, ndipo "inu" wa mantha timamudziwanso. Woyambayo amabwera ndi nthabwala zakale zonse. Wachiwiriyo akafika, mnzanuyo sangakuuzeninso kuti mwanenepa ngati nkhumba, sangakutsutseni pa nkhani ya mpira, ndipo moni ukatha chotsatira ndi pempho.

Funso ndi lakuti, zikafika apa ubwenzi ulipobe? Ngati watha, tatsala ndi ngongole yanji?

Funsoli si latsopano. Aristotle, Mgiriki woganiza mozama amene anakhalako zaka zoposa 300 Ambuye Yesu asanabadwe, anagawa ubwenzi patatu. Pali ubwenzi wa phindu, monga wa wogulitsa ndi kasitomala wake. Pali wa chisangalalo, monga wa anthu oonera limodzi mpira. Ndipo pali wa anthu amene amakondana chifukwa cha khalidwe labwino, aliyense akufunira mnzake zabwino chifukwa cha mnzakeyo. Iwiri yoyambayo imatha phindu kapena chisangalalo chikatha. Iye anafunsanso za anthu awiri amene anakulira limodzi, wina n'kukhwima nzeru ndi khalidwe pamene winayo watsalira pa chibwana. Yankho lake linali lakuti sangakhalenso mabwenzi enieni, popeza sakondwera ndi zinthu zofanana, koma wokhwimayo asamuone mnzakeyo ngati mlendo, azimukomera mtima pokumbukira zakale.

Yankho limeneli n'lokoma kwa ife ophunzira, ndipo n'chifukwa chake ndimalikayikira. Limatipatsa chilolezo chonena kuti tinakula, anzathu anatsala. Koma Aristotle ankanena za kukhwima pa khalidwe, ife timamva za satifiketi. Zinthu ziwirizi n'zosiyana. Munthu amene analera azing'ono ake asanu ndi khasu kuyambira ali ndi zaka 15, amene anadwazika mayi ake miyezi yambiri osadandaula, amene amadziwa kuyanjanitsa banja likafuna kutha, sanatsalire pa chibwana. Ngati pali mpata wa khalidwe pakati pa iye ndi ife, sizodziwikiratu kuti wapamwamba ndani. Mpata umene ulipo ndithu ndi wa mwayi: dzina lina linalowa pa mndandanda, lina silinalowe, ndipo kawirikawiri chifukwa chake chinali imfa ya kholo, fizi, kapena mtunda wopita ku sukulu.

Eklezia ali ndi mwana wake amene anayenda njira yathu yomweyi, ndiponso anali wa mu Africa muno. Augustine Woyera anabadwa m'chaka cha 354 m'tauni yaing'ono ya Thagaste, m'dziko limene lero ndi Algeria. Ndalama za makolo ake zinaperewera, anakhala pakhomo chaka chathunthu, ndipo anapita kukaphunzira ku mzinda waukulu wa Carthage mothandizidwa ndi munthu wolemera wa kwawo. Atabwerera kwawo ali mphunzitsi, anagwirizana kwambiri ndi mnyamata amene anakula naye, kusewera naye ndi kuyendera naye sukulu. Augustine ndiye anali katswiri wa mawu, ndipo anamukokera mnzakeyo ku chipembedzo chonyenga chimene iye ankatsata nthawi imeneyo. Mnzakeyo anadwala malungo aakulu, nabatizidwa ali chikomokere. Atatsitsimuka, Augustine anayamba kuuseka ubatizowo, poyesa kuti mnzake aseka naye monga mwa masiku onse. M'malo mwake wodwalayo anamudzudzula kolimba, namuuza kuti ngati akufuna akhalebe mabwenzi aleke kulankhula zotero. Patapita masiku ochepa anamwalira.

Augustine analemba nkhaniyi patapita zaka pafupifupi 20 ali kale episkopi, ndipo dzina la mnzakeyo sanalitchule. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti mnyamata wa kumudziyo anali ndi ufulu womuuza wophunzirayo kuti walakwa, ndipo wolondola anali iyeyo. Mnzake wina wa ku Thagaste komweko, Alypius, anayenda naye mpaka ku Milan, anabatizidwa naye limodzi ndi Ambrose Woyera pa Pasaka wa 387, ndipo pambuyo pake anakhala episkopi wa kwawo. Munthu amene mabuku ake Eklezia akuwawerengabe mpaka lero anali ndi anthu omudziwa kuyambira asanatchuke, amene sankamuopa.

Ndikuganiza kuti chimenechi ndi chimene timataya, ndipo wotaya kwambiri ndi ife a m'tauni. Kuntchito amatidziwa ndi udindo. Ngakhale muno m'parishi timadziwana ndi maudindo: a tcheya, a katekisiti, mayi a kwaya. Mnzako wa kumudzi yekha ndiye amakumbukira kuti unkalira ukagonja pa mpira ndi kuti unabapo nzimbe. Pamaso pake sungadzikongoletse. Tikamulola kuti asanduke wopempha chabe, iye amataya mnzake, ife timataya mboni yokhayo ya chimene tinali tisanavale taye.

Nanga za ndalama? Sindikufuna kuzilambalala, chifukwa ndi pamene pali bala. Malipiro a ambiri a ife safika pa 20. Pali lendi, fizi ya ana, mankhwala a makolo, ndi mitengo imene imakwera sabata ndi sabata. Ndiye uthenga umabwera wopempha ya feteleza, mawa wina wa chipatala, mkuja wina wa thiransipoti. Airtel Money ndi Mpamba zinachotsa chowiringula chakale chakuti ndasowa womutuma. Munthu amatopa, ndipo kutopako si tchimo. Sitingathe kuthandiza onse, ndipo udindo wathu woyamba uli pa ana ndi makolo athu. Zoonanso n'zakuti kumudzi si paradizo. Kuli nsanje, kuli miseche, kuli ena amene amatikumbukira pokhapokha akafuna ya mowa. Ubwenzi wina unali wa chisangalalo cha ubwana basi, ndipo unatha mwaulemu pamene ubwana unatha. Palibe chifukwa choukumba.

Koma kupempha pakokha sikupha ubwenzi. Anthu a kumudzi amapemphana tsiku ndi tsiku mchere, moto, khasu, ngolo, ndipo palibe amene amachepa nazo, chifukwa wopempha lero ndiye wopatsa mawa. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mwambi umenewu umayembekeza kuti ndevu zako nazonso zidzapsa, ndipo udzalola mnzako kuzizima. Ife tinasunga theka loyamba lokha. Timatumiza ndalama, koma sitipempha kanthu. Mavuto athu a m'banja, a ngongole, a kuntchito timawabisa, chifukwa bwana sadandaula kwa mlimi. Tikapita kwathu mnzathu n'kutipatsa thumba la mbatatesi kapena nkhuku, dzanja limathamangira m'thumba kuti timulipire. Timayesa kuti tikumuchitira chifundo. Iye anafuna kupatsa mnzake mphatso, ife tamusandutsa wogulitsa.

Apa chikhulupiriro chathu chimapita kumene Aristotle sanafike. Iye ankati mpata ukakula kwambiri, monga wa pakati pa munthu ndi mulungu, ubwenzi sungatheke. Koma pa mutu 15 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Yohane, usiku woti mawa aphedwa, Ambuye Yesu anawatcha ophunzira ake abwenzi, osati antchito, ndipo chifukwa chimene anapereka n'chakuti anawaululira zonse zimene anamva kwa Atate. Onaninso m'mene anawolokera mpatawo. Anachiritsa ndi kudyetsa anthu, inde. Koma anapemphanso madzi kwa mayi wa ku Samariya, anadya chakudya cha Marita, analola kudzozedwa mafuta a mtengo wapatali, ndipo ku Getsemani anauza asodzi a nsomba kuti mtima wake wadzaza ndi chisoni, nawapempha kuti akhale naye maso. Amene sasowa kanthu anadziika pamalo posowa anzake. Ngati Iye sanachite manyazi kuoneka wofooka pamaso pa Petro, digiri yathu ikutiletsa chiyani?

Choncho ngongole imene ndikuiona si ya ndalama choyamba. Ngati zilipo, tithandize, ndipo tisamakumbutse. Ngati palibe, tiyankhe foni n'kunena poyera kuti mwezi uno ndilibe, ndipo nanenso zandithina motere. Kukana kotere kumamulemekeza munthu kuposa kungoyang'ana foni ikuitana mpaka itazima, chifukwa timakanira mnzathu, pamene amene timamuzemba ndi wotivutitsa. Tiimbe tsiku limene palibe maliro kapena vuto, kungofunsa za mvula ndi za timu ya kumudzi. Tifunse nzeru pa zinthu zimene iwo amadziwa kuposa ife, ndipo n'zambiri. Akatidzudzula tisanene mumtima kuti ameneyu akudziwa chiyani.

Anzathu ena sali kutali n'komwe. Ali muno mumzinda, akulondera pa geti, akuyendetsa kabaza, akugulitsa tomato ku msika, ena mwina akhala pa benchi yakumbuyo pa Misa yomwe ino. Kwa iwowa chowiringula cha mtunda palibe. Timawatumizira ndalama mosavuta kusiyana ndi kuwaitana kudzadya nsima pa tebulo lathu alendo a kuntchito alipo, ndipo iwo amazindikira.

Pomaliza pali nkhani ya maliro, poti ambiri timapita kwathu pa maliro pokha. Tikafika amatithamangira ndi mpando, ndipo timakhala pamthunzi pamodzi ndi mafumu ndi akuluakulu a mpingo. Anzathu aja amakhala ali kumanda kuyambira m'bandakucha, ndiwo adzukulu, akukumba manda a mayi athu kapena a malume athu. Anzathu aakazi ali pa moto ndi pa mjigo. Mwambo sulola wofedwa kugwira khasu, zimenezo n'zomveka. Koma si maliro onse amene timakhala ofedwa, ndipo pa maliro a ena palibe chotiletsa kuvula jekete n'kupita kumene kuli anzathu, kapena kumanga chitenje n'kukatunga nawo madzi. Adzaseka kagwiridwe kathu ka khasu, ndipo mwina wina adzaiwala n'kunena kuti, "Iwe, tabweretsa kuno, manja ako anafewa."