Kodi Wopha Munthu Asakumuona Alibe Mlandu?

Pa 14 July 1941, asilikali a Germany amene adali atangolanda tauni ya Orsha, m'dziko limene lero timalitcha Belarus, adamva kulira kwachilendo mumlengalenga. Asanadziŵe chimene chikuchitika, moto udagwa pa siteshoni ya sitima ngati mvula. Amene adatumiza motowo adali kagulu ka asilikali a Soviet Union kotsogozedwa ndi Kaputeni Ivan Flyorov, ndipo chida chao chidali chatsopano pa nkhondo: lole wamba yosenza njanji zachitsulo kumbuyo kwake, pamene padagonekedwa maroketi 16. Eni ake adachipatsa dzina lokoma la mtsikana, Katyusha. Amene chinkaŵagwera adachitcha limba la Stalin chifukwa cha kulira kwake. Kuyambira tsiku limenelo chida cha mtundu umenewu chafalikira pa dziko lonse, ndipo nkhondo zazikulu za masiku athu ano sizimenyedwa popanda icho.

Mwina ena mwa aŵerengi athu adabwa kuti tsamba lino, limene lidazoloŵera kukamba za moyo wauzimu, lero likukamba za zida zankhondo. Tatero chifukwa m'kapangidwe ka chidachi mwabisala funso lokhudza chikumbumtima cha munthu. Msilikali wa mkondo ankaonana ndi mdani wake maso ndi maso. Ankadziŵa amene wamubaya, ndipo magazi ankamudonthera m'manja. Msilikali wa mzinga wa maroketi saona amene akumupha, sangathe kusankha woti afe, ndipo pamene anthu ayamba kulira maliro iye amakhala atachoka kale pamalo pamene adaomberapo. Tsono tifunse: kodi munthu wotere ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu, kapena kutalika kwa mtunda kumamuchotsera mlanduwo?

Tiyambe tachidziŵa bwino chidacho. Chotchuka kwambiri mwa zidzukulu za Katyusha ndi BM-21, chimene asilikali a Soviet Union adayamba kugwiritsa ntchito m'chaka cha 1963, chaka chomwe chija Papa John XXIII adalemba kalata yake yonena za mtendere pa dziko lapansi, Pacem in Terris. Lole imodzi imasenza mipope 40, ndipo imatha kulavula maroketi onse 40 m'masekondi 20 okha, kukagwa pa mtunda wa makilomita ngati 20. Maroketiŵa alibe chiongolero. Akangotuluka mu mpope, mphepo ndi kugwedezeka kwa lole yomweyo zimaŵapatutsa, kotero kuti amagwa mobalalika pa malo aakulu kuposa mabwalo a mpira angapo. Opanga ake adachitcha Grad, mau amene m'chinenero cha ku Russia amatanthauza matalala. Dzinali silinama ai, pakuti mlimi aliyense amadziŵa kuti matalala sasiyanitsa munda wa munthu wolungama ndi munda wa mbala.

Chilungamo chikutikakamiza kuvomera kuti chida chimenechi chili ndi ntchito yake pa nkhondo. Eklezia saphunzitsa kuti dziko lipinde manja pamene adani akuliloŵerera. Msonkhano Waukulu Wachiŵiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha 1965 chotchedwa Gaudium et Spes, udavomereza kuti boma lili ndi ufulu woteteza anthu ake ngati njira zonse zamtendere zalephereka. Pa 10 November 1975, kutatsala tsiku limodzi kuti Angola alandire ufulu wodzilamulira, gulu lankhondo la FNLA la Holden Roberto lidali pa mseu wopita ku Luanda. Litafika pa Quifangondo, maroketi a BM-21 oomberedwa ndi asilikali a ku Cuba othandiza MPLA adaligwera, ndipo gululo lidabalalika. Kaya tili ndi maganizo otani pa ndale za nkhondo imeneyo, apa matalala adagwera anthu onyamula zida, amene adadziŵa kuti akupita kukamenyana. Mlandu umakula pamene chida chopangidwira bwalo lankhondo chilozedwa ku mzinda kumene kuli misika, zipatala ndi masukulu. Msonkhano womwewo udanenetsa kuti kuononga mizinda yathunthu kapena madera aakulu pamodzi ndi anthu okhalamo, mosasankha, ndi mlandu wolakwira Mulungu ndi munthu yemwe. Malamulo a maiko nawonso, m'pangano la 1977 loonjezera pa mapangano a ku Geneva, amaletsa kugwiritsa ntchito chida chimene sichingathe kulunjikitsidwa pa chandamale chankhondo.

Koma woombera uja ali ndi yankho lake, ndipo tiyenera kulimva mofatsa. Iye amati cholinga chake chidali kampu ya asilikali yokhala pakati pa mzindawo. Ana amene adafa sadaŵafune, imfa yao idali ngozi chabe. Yankholi lili ndi mbali yake yoona. Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti ntchito imodzi ingathe kubala zipatso ziŵiri, china chofunidwa ndi china chosafunidwa, ndipo munthu amaweruzidwa makamaka pa chimene adafuna. Komabe mphunzitsi yemweyo adaonjezera kuti mphamvu imene munthu agwiritsa ntchito podziteteza isapyole muyeso. Makolo athu nkhaniyi ankaidziŵa bwino pa bwalo la milandu. Munthu akayatsa tchire m'mwezi wa October, mphepo ikukuntha, pofuna kupha mbeŵa, moto nkukatentha nkhokwe ya mnzake, sangaime pamaso pa mfumu nkumanena kuti iye ankangofuna mbeŵa basi. Akuluakulu adzamufunsa ngati sankadziŵa khalidwe la moto. Amene asankha moto wasankhanso zonse zimene moto umachita. Chimodzimodzi amene asankha matalala 40 pofuna kugwetsa nyumba imodzi pakati pa nyumba zikwi zambiri sangatche ngozi chinthu chimene adachidziŵiratu asanaombere.

Bwalo la milandu la maiko onse lidafikanso pa mfundo yomweyi. Pa 2 ndi 3 May 1995, asilikali a Milan Martić, mtsogoleri wa Aserbia a ku Krajina, adaombera mzinda wa Zagreb, likulu la Croatia, ndi maroketi a M-87 Orkan kuchokera pa mtunda wa makilomita ngati 50. Roketi iliyonse idanyamula timabomba 288, ndipo kabomba kalikonse kadali ndi timipira tachitsulo 420. Anthu 7 adafa, oposa 200 adavulala, ndipo mwa malo amene adagundidwa padali chipatala cha ana. M'chaka cha 2007 bwalo la United Nations lozenga milandu ya nkhondo za ku Yugoslavia lidapeza kuti pa mtunda wotero roketiyo ikhoza kugwa pafupifupi kilomita yathunthu kutali ndi pamene yalozedwa, motero kunena kuti mumzindamo mudali malo ankhondo sikudathandize konse. Martić adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 35 chifukwa cha mlandu umenewu ndi milandu ina. Zoonadi mlandu suola.

Tsopano tione za mateyala a loleyo, pakuti pamenepo pagona tchimo lina limene anthu saliganizira kaŵirikaŵiri. Utsi ndi moto wa maroketi zimaoneka patali, ndipo adani ali ndi makina otha kuŵerengera msanga pamene roketi yachokera. Nchifukwa chake asilikali amaphunzitsidwa kuombera ndi kuthaŵa nthaŵi yomweyo. Nzeru imeneyi imapulumutsa iwo, koma yankho la adani likamabwera limapeza ndani? Limapeza mai amene nyumba yake idali pafupi ndi pamene lole idaima, ndi nkhalamba imene sidathe kuthamanga. Woombera watenga ngozi imene idayenera kugwera iye mwini nkuisenzetsa anthu amene sadafunsidwe nkomwe. Pa nkhondo ya masiku 34 ya m'chaka cha 2006, gulu la Hezbollah lidaponya maroketi pafupifupi 4,000 kumpoto kwa Israel, ambiri mwa iwo opanda chiongolero. Israel nayenso adamwaza timabomba mamiliyoni kumwera kwa Lebanon, ndipo akatswiri a United Nations adati mpaka miliyoni imodzi mwa ito sitidaphulike. Nkhondo itatha, tidapitirira kupha alimi m'minda ndi ana otola zinthu pansi. Tikaiona nkhani yotere sitiyenera kuthamangira kusankha mbali imodzi yoti tiiyeretse. Woombera ali pafupi ndi nyumba za anthu walakwa, ndipo woyankha mosasankha walakwanso. Tchimo la wina silisanduka chikhululukiro cha mnzake.

Nanga za kusaona kuja? Pa mzinga wa maroketi ntchito yopha idagaŵidwa tizidutswatizidutswa. Wina amasankha malo pa mapu, wina amatumiza manambala pa wailesi, wina amalonga maroketi m'mipope, wina amangopotoza kachitsulo. Aliyense angathe kugona tulo nkumadziuza kuti iye adangochita kagawo kake. Buku Loyera lili ndi nkhani ya munthu amene adapha mnzake mwa njira yotereyi. Mfumu Davide sadakhudze Uriya ndi dzanja lake. Adangolemba kalata kwa Yowabu, Yowabu adangolamula asilikali, ndipo amene adalasa Uriya adali adani a pa linga. Davide adali kutali, m'nyumba yake ku Yerusalemu, osaona dontho limodzi la magazi. Komabe mneneri Natani atatumidwa ndi Mulungu sadapite kwa olasa aja. Adapita kwa wolemba kalata. Pamaso pa Mulungu mtunda sufupikitsa mlandu. Zoona, mlandu wa wolamula ndi waukulu kuposa wa mnyamata amene angomvera asakudziŵa kumene maroketi akupita. Koma Katekisimu wa Eklezia Katolika amaphunzitsa kuti kumvera kwakhungu sikuchotsera munthu mlandu pamene lamulo lili losemphana poyera ndi malamulo a umunthu.

Ena adzatiuza kuti nzeru za sayansi zathetsa kale vutoli. M'chaka cha 2022 dziko la United States lidapatsa Ukraine mizinga ya HIMARS, imene lole yake imanyamula maroketi 6 okha, oongoleredwa ndi masetilaiti, otha kuuluka makilomita oposa 70 nkukagwa pafupi kwambiri ndi pamene alozedwa. Tisakane kuti pamenepa pali kusintha kwenikweni. Roketi imodzi yogwera nkhokwe ya zipolopolo ndi yabwinopo kusiyana ndi 40 zogwera msika, monga zidachitikira ku Mariupol pa 24 January 2015, pamene maroketi opanda chiongolero adapha anthu wamba pafupifupi 30 m'dera lokhalamo anthu. Koma kulunjika kwa chida kumangotsimikiza kuti roketi ifika kumene yatumidwa. Sikunena ngati wotumayo adauzidwa zoona za amene ali m'nyumbamo, ndipo sikunena ngati nkhondoyo ndi yolungama. Chida cholunjika chimachotsa choŵiringula chonse, pakuti mwini wake sangathenso kunamizira mphepo. Nayenso wosauka amene ali ndi Grad yekha sangati umphaŵi wake ukumuloleza kuombera mzinda. Ngakhale dandaulo lake litakhala lolungama chotani, mwana wa m'mzinda wa adani sasanduka msilikali chifukwa cha dandaulolo.

Palinso amene amaseka malamulo onseŵa, amati nkhondo siimva lamulo. Amatikumbutsa kuti m'chaka cha 1139 Msonkhano Wachiŵiri wa ku Lateran udaletsa kulasa akhristu ndi mauta ophera patali, koma mafumu sadamvere. Nzoona. Komabe mau amene anyozedwa lero amatha kudzabala zipatso maŵa. Zoopsa za ku Lebanon zidafulumizitsa maiko kupangana za kuletsa mabomba omwaza timabomba. Panganolo lidalembedwa ku Dublin ndi kusainidwa ku Oslo m'chaka cha 2008, ndipo Vatican idali pakati pa oyamba kulivomereza. Maiko oposa 100 adaloŵamo, kuphatikizapo Malaŵi ndi Zambia, ndipo msonkhano wa maiko a m'panganoli wa 2013 udachitikira ku Lusaka. Timabomba mamiliyoni ambiri taonongedwa tisanaphe munthu. Maiko amphamvu monga United States, Russia ndi China sadasaine, ndipo izi nzomvetsa chisoni. Mu November 2022 maiko 83 adagwirizananso ku Dublin pa chikalata cholonjeza kuchepetsa kugwiritsa ntchito zida zophulika m'malo okhala anthu ambiri. Lamulo silitseka pakamwa pa mzinga uliwonse, koma limapatsa msilikali wa chikumbumtima pogwira pamene afuna kukana, ndipo limapatsa wamasiye bwalo lokadandaulako.

Yankho la funso lathu tsono laoneka. Wopha munthu asakumuona ali ndi mlandu molingana ndi zimene adadziŵa ndi zimene adayenera kudziŵa, ndipo khalidwe la matalala salidziŵa ndani? Nkhaniyi ikutikhudza nafenso, ngakhale ambiri a ife sitidzagwirapo mzinga. Masiku ano zithunzi za maroketi akuuluka usiku zimafika m'manja mwathu pa mafoni, ndipo pali chiyeso chozionerera ngati maseŵero, kuombera m'manja mbali imene taikonda. Potero timakhala ngati woombera uja: timaona moto ukunyamuka, osafuna kuona kumene ukukagwera. Mkhristu ayenera kuzoloŵetsa mtima wake kutsatira roketiyo mpaka pansi, ndi kukumbukira kuti kumeneko kuli munthu wokhala ndi dzina, wolengedwa m'chifaniziro cha Mulungu. Tiphunzitse ana athu zimenezi, makamaka amene adzavale yunifolomu, ndipo ansembe otumikira asilikali asaope kuzilalika. Pa Misa tikamapempherera mtendere, tiŵakumbukire amene agona m'maenje kuopa matalala achitsulo, tiŵakumbukirenso anyamata okhala m'malole aja, kuti Ambuye aŵapatse mtima wofunsa kumene maroketi ao akupita asanapotoze kachitsulo.