Kodi Mwana wa Mlendo Abise Kwao?

Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira anchito a m'mafakitale, makamaka a Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1970, ndi a fakitale ya nsaru ya Kafue Textiles. Anthu anasonkhanako kucokera ku mbali zonse, ndipo ena mwa iwo anali a mabanja amene anadza kucokera ku Nyasaland masiku a Citaganya, pakati pa 1953 ndi 1963. Ana ndi adzukulu ao anabadwira pa Kafue pomwepo, koma dzina la atate likamveka lacilendo, anzao a pa sukulu awafunsa mwacipongwe kuti, "Kwanu nkuti?" Akapita ku Malawi, kumeneko achedwa ana a machona.

Nkhawa ikula pofika zaka 16, pamene mnyamata kapena mtsikana ayenera kutenga citupa ca boma. Cobiriwira ndi ca nzika zokha, ndipo palembedwa mudzi ndi mfumu. Pamenepo ena abwereka mudzi wa mnansi, ena asintha dzina, ena aleka kuchula agogo ao pagulu. Kodi acimwa?

Munthu asafulumire kuwaweruza, pakuti mantha ao ali ndi cifukwa. Mu April 2016 masitolo a anthu a ku Rwanda anafunkhidwa m'makomboni a Lusaka cifukwa ca mphekesera cabe. Ngakhale Kenneth Kaunda, wobadwira ku Lubwa mu 1924, amene anatsogolera dziko kuyambira 1964 kufikira 1991, analetsedwa kuimanso pa cisankho ca 1996 popeza makolo ace anacokera ku Nyasaland. Ngati moto unafika pa mtengo wotere, nanga udzu ulekerenji kunjenjemera?

Komatu kubisa sikucotsa mantha. Kungowasamutsira m'kati mwa mtima. Wobisa kwao aopa mlendo ali yense wocokera kumudzi, aopa ngakhale lilime la amace. Mtendere umene augula masana aulipira usiku ndi kusowa tulo. Cotero achinyamata amene apirira bwino ndiwo amene ayankha funso lija poyera, nanena kuti agogo anacokera kwakuti, koma iwo ndi a pa Kafue. Apeza mphamvu pa kwaya ya ku chalichi ndi pa bwalo la mpira, kumene munthu ayesedwa ndi liu ndi mwendo wace. Ndiponso lamulo lalikuru la 2016 lilola wobadwira m'Zambia kwa makolo acilendo kupempha unzika akafika zaka 18, ndipo lilola unzika wa maiko awiri.

Tsono manyazi sayenera kukhala pa mwana, amene sanasankhe kobadwira, koma pa wonyozayo. Akuru anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mphunzitsi, kalaliki ndi mnansi akakumbukira mau amenewa, mwana wa mlendo adzachula dzina la agogo ace wosayang'ana kumbuyo.