Sing'anga Wodziwa Malire a Mphamvu Yake

Pamudzi pakagwa matenda, anthu amafuna wowathandiza. Ena amathamangira kuchipatala. Ena amayamba apita kwa sing'anga wa mizimu, uja amati mphamvu yake yochiritsa anailandira kutulo, kapena pamene anadwala nthenda yaikulu. Sing'anga wotere amagwira wodwala ndi manja, amayimba, amabwebweta, natchula mtengo umene mizimu yamuonetsa. Mphamvu imene iye amanena sioneka ndi maso, ndipo palibe sikelo yoiyesera. Tsono funso ndi ili: kodi munthu wogwira ntchito ndi chinthu chosaoneka angakhale bwanji wolungama, popeza palibe wina angamutsutse?

Funsoli n'lalikulu chifukwa wodwala ndi munthu wamantha. Akale anati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Mayi amene mwana wake watentha thupi usiku wonse safunsa zambiri. Akamuuza kuti agulitse mbuzi, agulitsa. Akamuuza kuti mlamu wake ndiye walodza mwanayo, akhulupirira. Motero mawu a sing'anga amalemera kuposa mawu a munthu wamba. Angathe kumanga mudzi, angathenso kuupasula. Pali mayesero atatu amene munthu wotere amakumana nawo.

Loyamba ndi chuma. Mwa mwambo wakale, wodwala ankapereka chipondamthengo, ndiko kuti kanthu kochepa kopatsa sing'anga asanalowe m'thengo kukakumba mankhwala. Malipiro enieni, monga nkhuku kapena mbuzi, ankabwera wodwala atachira. Mwambo umenewu unali wanzeru, pakuti sing'anga ankadya za kuchira kwa munthu, osati za mantha ake. Ndiponso iye ankalima monga anzake, ndipo nkhokwe yake inkadzala ndi thukuta lake. Koma munthu akasiya khasu, nayamba kudya za odwala zokha, matenda amasanduka munda wake. Ndipo palibe mlimi amene safuna kuti munda wake ukule. Apa m'pamene nthenda yaing'ono imatchedwa yaikulu, ndipo mtengo umakwera monga momwe mantha akukwerera.

Lachiwiri ndi kuloza chala. M'zaka za m'ma 1930 kunabuka gulu la anthu otchedwa a Mchape. Linayambira cha ku Mulanje, ndipo pofika 1934 linali litafika kwa Abemba ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia. Anthuwo akafika pamudzi ankandandika anthu pamzere, nawayang'ana pagalasi kuti aone mfiti. Ankalanda nyanga ndi zithumwa, namwetsa anthu mankhwala, nalonjeza kuti ufiti watha. Ankagulitsanso mankhwala odzitetezera. Iwo atapita, anthu anapitirira kudwala ndi kufa monga kale, pakuti udzudzu ndi madzi oipa sizinamwe nawo mchape. Chimene chinatsala ndi manyazi a iwo amene analozedwa pamaso pa ana awo. Lamulo la boma la mu 1911 linaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndi kumwetsa anthu mwavi. Koma sing'anga wolungama sadikira lamulo. Iye amadziwa kuti madzi akatayika saoleka. Nkhalamba imene yatchulidwa lero sidzatunganso madzi pachitsime mwamtendere.

Yesero lachitatu ndilo lovuta koposa, chifukwa limagwetsa ndi anthu abwino omwe. Ndilo kukhulupirira mphamvu yako kupitirira pamene ilekezera. M'chaka cha 1995, bambo wina wa m'boma la Machinga, dzina lake Billy Goodson Chisupe, ananena kuti kutulo anamuonetsa mtengo wochiritsa Edzi. Anthu miyandamiyanda anakhamukira kumudzi kwake pa mabasi ndi malole, kukamwa madzi a makungwa a mtengowo. Madziwo anthu anawatchanso mchape. Bamboyo sankalipiritsa ndalama. Masiku amenewo mankhwala otalikitsa moyo anali asanafike kwa anthu wamba, pakuti boma linayamba kuwapereka ulere mu 2004. Choncho palibe angaseke anthu amene anapita kumeneko, chifukwa analibe kwina kolowera. Komabe kachilombo sikanachoke m'magazi a iwo amene anamwa, ndipo maliro sanaleke.

Nkhani imeneyi ili ndi phunziro lozama. Munthu angathe kukana ndalama, nakhulupirira maloto ake ndi mtima wonse, koma n'kulonjeza chinthu chimene sichili m'manja mwake. Mtima wabwino pawokha sukwanira. Pafunikanso kudzichepetsa kwa munthu amene amayang'ana zipatso za ntchito yake. Iye amakumbukira amene anachira, nakumbukiranso amene anaikidwa m'manda. Ochira amabwera kudzathokoza ndi nkhuku, koma akufa sabwera kudzadandaula. Sing'anga wowerenga ochira okha amadziyesa wamkulu kuposa momwe alili.

Izi sizitanthauza kuti sing'anga wa mizimu alibe ntchito. Pali zowawa zina zimene jekeseni sazifika. Mkazi amene wafedwa, mwamuna amene tulo tamuthawa chifukwa cha nkhawa, abale amene asiya kudyera pamodzi, onsewa amafuna munthu wokhala nawo pansi ndi kuwamvera mosafulumira. Kwa Atumbuka kuli vimbuza, gule amene wodwala amavina pakati pa abale ake, ng'oma zikulira ndipo anthu akumuyimbira. Munthu amene anali yekha ndi chisoni chake amaona kuti mudzi wonse wasenza naye katunduyo. Thandizo lotere n'lenileni. Koma ng'oma siipha tizilombo ta chifuwa chachikulu. Nthenda imeneyo imafuna mankhwala a kuchipatala, omwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi 6. Malungonso angaphe mwana wamng'ono m'masiku owerengeka.

Tsono sing'anga wolungama amadziwika pa ora limene mayi wabwera ndi mwana wotentha thupi, amene wayamba kukomoka. Iye amamugwira mwanayo pamphumi, nati, "Amayi, nyamukani tsopano lino, mupite naye kuchipatala. Mukabwerako mudzandiuze." Mayiyo angafunse kuti, "Agogo, kodi mizimu yanu yalephera?" Ndipo iye amayankha kuti, "Iyayi, amayi. Mizimu sinandipatse ntchito zonse." Mawu amenewa ndi ovuta kuwanena pabwalo podzala anthu, koma ndiwo apulumutsa mwana.

Wina angatsutse, nati sing'anga wonena chotere adzataya mbiri yake, ndipo anthu adzapita kwa mnzake amene amalonjeza zonse. N'zoona, ena adzapita. Koma mudzi uli ndi maso, ndipo suiwala. Pakapita zaka, anthu amadziwa khomo limene ana awo anatulukamo amoyo. Mutu umodzi susenza denga. Sing'anga amene amagawana ntchito ndi dokotala ndi namwino sanachepe, pakuti cholinga cha onsewo n'chimodzi, ndicho moyo wa wodwala.

Kudziwa malire kumaonekanso m'zinthu zazing'ono. Sing'anga wotere satema mphini anthu awiri ndi lezala limodzi, chifukwa matenda amayenda m'magazi. Saletsa munthu kumwa mankhwala amene analandira kuchipatala. Mkazi wa mwini samuona kuseri kopanda mboni, ndipo sanena kuti mizimu yafuna thupi la wodwala. Chinsinsi chimene wamva m'nyumba sachitulutsa pamowa. Akatha ntchito amavula mikanda ndi nsalu za mizimu, natenga khasu lake, napita kumaliro ndi kumilandu monga munthu aliyense wa pamudzi. Amasunga abale ndi akulu amene angamudzudzule osaopa, chifukwa munthu amene aliyense amamugwadira sachedwa kuiwala kuti nayenso amadwala.

Ngati mphamvu yochiritsa ndi mphatso, monga asing'anga eni ake amanenera, ndiye kuti iye ndi wosunga chabe. Wosunga mbuzi za mwini sazitcha zake, ndipo zikadwala sabisa. Chomwechonso sing'anga wolungama amanena zimene angathe, naulula zimene sangathe, ndipo wodwala amachoka pakhomo pake nthawi yopeza thandizo lina ikadalipo.