Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko

Kale chitseko ankachitseka ndi mpiringidzo, ndipo kodzithandizira kunali kuseri, patali ndi nyumba. M'mimba mukavuta pakati pa usiku, munthu sankadikira kuti mnzake amudzukire. Ankadzambatuka yekha n'kupapasa mpiringidzo mumdima. Pamwambiwu akuluakulu ankatanthauza kuti mwini nkhani ndiye woyamba kuchitapo kanthu. Ena angathandize, koma nkhaniyo siichoka pamutu pake.

Mwambiwu ukuwakhudza kwambiri ana amene anakhazikika ku Canada ndipo akufuna kuitanitsa makolo awo. Nthawi zambiri amene wamva m'mimba ndi mwanayo. Kwabadwa khanda, kapena mayi atsala okha pakhomo bambo atatsikira kulichete. Mwanayo ndiye amene amakhala pa kompyuta mpaka usiku, kulimbana ndi mafomu a super visa, chilolezo chimene chinayamba mu 2011 ndipo kuyambira mu 2022 chimalola kholo kapena gogo kukhala m'dzikomo mpaka zaka 5 pa ulendo umodzi. Iye ndi amene amasonyeza kuti malipiro ake akukwana, n'kusaka inshulansi ya zachipatala ya madola a ku Canada osachepera 100,000.

Boma la Canada limalola mwana kuimirira kholo lake chonchi. Pali fomu ya IMM 5476 imene kholo limasainira posankha womuimirira, ndipo wachibale amene sakulandira malipiro akhoza kusankhidwa. Ikalandiridwa, makalata a ofesi yoona zolowa m'dziko, IRCC, amapita kwa mwanayo. Wolipiritsa yekha ndiye ayenera kukhala ndi chilolezo cha ntchitoyo, monga loya kapena mlangizi wovomerezeka. Madobadoba amene amalonjeza viza pa WhatsApp sali m'gulumo.

Koma pamaso pa lamulo, wopempha ndi kholo. Apa ndi pamene ana ambiri ophunzira amapunthwa, ndipo chowapunthwitsa ndi changu chosakanikirana ndi kudzimva. Fomu imafunsa ngati wopemphayo anakanizidwapo viza ndi dziko lina lililonse. Mwana amangochonga kuti ayi, osaimba foni, poganiza kuti mbiri ya mayi ake amaidziwa yonse. Chonsecho mayiwo anakanizidwapo viza ya ku Britain kalekale, nkhani imene anaikwirira chifukwa cha manyazi. Zikadziwika, amene angaletsedwe kulowa m'Canada kwa zaka 5 chifukwa chopereka mbiri yabodza ndi mayiwo. Kunena kuti "analemba ndi mwana wanga" kawirikawiri sikuwombola munthu.

Pali zinanso zimene womuimirira sangachite ngakhale atafunitsitsa. Zidindo za zala ndi chithunzi n'za mwini wake. Kwa dokotala wovomerezeka kukayezedwa amapita mwini wake. Pabwalo la ndege ku Toronto, ofesala akamafunsa kuti mwabwera kudzatani ndipo mukhala kwa yani, mwanayo amakhala ali kunja ndi jekete lokafunditsa mayi ake, osamva n'komwe zimene zikuyankhidwa mkatimo. Kholo limene silinauzidwe zomwe zinalembedwa m'dzina lake limangoti kukamwa yasa.

Ine ndimaona kuti kulemba fomu mobisira mwini wake, ngakhale ndi mtima wabwino, n'kumupeputsa. Ntchito yeniyeni ya womuimirira ndi yotopetsa: kuwerenga funso lililonse, kulimasulira m'chinenero cha kwawo, n'kudikira yankho. "Amayi, tsiku lobadwa lili papasipoti likufanana ndi la pachitupa cha unzika? Tandijambulireni zonse ziwiri." Mayiwo adzakwiya, adzafunsa ngati akuzengedwa mlandu, netiweki idzaduka kawiri. Zilibe kanthu.

Inu amene mukuimirira makolo anu, musatumize fomu musanawawerengere yankho lililonse, ndipo kope lake muwatumizire asunge okha.