Mfuti yakale isapite kwa wowotcherera

Kumidzi ya kumadzulo kwa Lilongwe chinthu sichitayidwa msanga. Pa Nsaru, pa Namitete kapena pa Mpingu, njinga yothyoka, ngolo yosweka ndi pulawo yakutha mano zimapita kwa wowotcherera n'kubwerako zili zamoyo. Luso limeneli ndi lonyaditsa, koma pali chinthu chimodzi chimene sichiyenera kufika pabenchi ya mmisiri wapamsika: mfuti yakale ya usilikali, ija yodzikokera yokha chipolopolo china ikangowomba. Woisunga akaganiza zoipala dzimbiri, kuifupikitsa kapena kuisintha kawombedwe, akudziitanira mlandu komanso ngozi, ndipo zonse ziwirizi n'zazikulu kuposa chitetezo chimene akuchifuna.

Mfuti zotere zili ndi mbiri yodziwika. Nkhondo ya ku Mozambique ya pakati pa Frelimo ndi Renamo, imene idatha ndi pangano la ku Rome mu Okutobala 1992, idasiya zida zambiri m'manja mwa anthu wamba, ndipo malire a dzikolo ndi ife amadutsa m'mapiri a Dzalanyama, m'boma lomwe lino. Mu Disembala 1993 asilikali a dziko lino adalanda zida za Apayoniya pa Operation Bwezani, koma ena mwa iwo adathawa nazo. Mfuti yofika m'mudzi kudzera m'njira zimenezi, kaya ndi AK-47 kapena SKS ya ku Soviet Union imene idayamba kupangidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ilibe pepala lililonse. Lamulo la mfuti la 1967 limafuna kuti wosunga mfuti akhale ndi chiphaso, ndipo chiphasocho chimaperekedwa pa mfuti yodziwika mtundu wake ndi nambala yake. Choncho yopanda chiphaso ndi mlandu kale isadakhudzidwe. Ya chiphaso ikadulidwa mpope kapena kufufutidwa nambala, si ijanso idalembedwa m'kaundula wa apolisi. Tisaiwale kuti mgwirizano wa mayiko a SADC wokhwimitsa kasungidwe ka mfuti ndi kuziika zizindikiro udasainidwa ku Blantyre kwathu kuno mu 2001.

Ngakhale lamulo likadakhala chete, chitsulo chokha chikadakana. Mpope wa mfuti ndi zotsekera zake zimaumitsidwa kufakitale ndi moto woyezedwa bwino kuti zipirire mphamvu ya wonga. Moto wa wowotcherera umafewetsa chitsulocho pena, kuchiumitsa mopitirira pena, ndipo kufooka kwake sikuoneka ndi maso mpaka tsiku limene chidzaphulikire kumaso kwa woomba. Zipolopolo zakale za usilikali zimasiya mchere mumpope, mcherewo umakoka chinyezi, ndipo mfuti imene yagona zaka makumi atatu m'dothi kapena m'denga la udzu imakhala itadyeka m'kati ngakhale kunja ikuwala ndi mafuta. SKS ili ndi vuto lodziwika: kamsomali komenya chipolopolo kakamatirira chifukwa cha litsiro kapena dzimbiri, mfuti imatha kuwomba yokha munthu asadakoke chala, mwinanso kupitiriza osaleka. Mmisiri wa ngolo alibe zida zoyezera zonsezi, ndipo chipatala cha St Gabriel's ku Namitete sichingabwezeretse diso kapena dzanja limene lachoka.

Chotsutsa chenicheni chilipo, ndipo sindichipeputsa. Mlimi wa kwa Kabudula kapena ku Nambuma anganene kuti akuba ng'ombe amabwera usiku ali gulu, apolisi ali kutali, ndipo nyengo yogulitsa fodya aliyense amadziwa nyumba imene mwalowa ndalama. Mantha amenewo ndi oona. Koma mfuti yosalembetsa singaonetsedwe masana, ndiye siiopseza wakuba amene sakudziwa kuti ilipo. Akadziwa, imasanduka katundu woyamba kumufuna, wamtengo kuposa ng'ombe. Mwini wake akaombera munthu pakhola, m'mawa mwake amene amamangidwa ndi iye, ndipo banja limataya womalisamalira pamwamba pa ziweto. Mfuti yobisidwa imakhalanso m'nyumba muli ana, mowa ndi mikangano ya malo, zimene zimabwera kawirikawiri kuposa mbava. Amene akusowadi mfuti njira ilipo: kupempha chiphaso kupolisi, kugula kwa wogulitsa wovomerezeka, n'kuisiya momwe idapangidwira.

Chotsutsa chachiwiri ndi cholemera kwambiri: ndikaipereka, kodi sandimanga? Apa ndiye boma lili ndi ngongole. Anansi athu adasonyeza kuti n'zotheka. Kuyambira 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidalandira mfuti kwa anthu n'kuwapatsa makasu, njinga, makina osokera ndi malata, mfutizo n'kuzidula. Mu 2017 African Union idakhazikitsa Seputembala kukhala mwezi wopereka zida zosaloledwa popanda kuzengedwa mlandu. Lonjezo limeneli likangothera m'maofesi a ku Lilongwe, mlimi wa m'mudzi salimva, ndipo akalimva salikhulupirira.

Pempho langa likupita kwa mafumu aakulu a kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni, pamodzi ndi atsogoleri a mipingo ndi makomiti a chitetezo cha m'midzi: khalani pansi ndi apolisi, mugwirizane masiku ndi malo amene munthu anganene za mfuti yakale pamaso pa mfumu yake popanda kuopa unyolo. Inu amene muli nayo, musaiyese kuwomba, musaiphwasule, musainyamule panjinga kupita nayo kwa mmisiri. Uzani mfumu, apolisi adzaitenge pomwe ili.