Mwini tawuni ndani?

Anzanga, sabata ino ndabwera ndi funso: kodi mwini tawuni ndani, wobadwiramo kapena amene anaimanga?

Ku Joni kunali mafamu chabe mpaka golide atapezeka mu 1886. Migodi inakoka anthu a mitundu yonse, nafenso kuno ku Mzimba azibambo ankapita pa Wenela. Agogo anga anakumba nawo, n'kubwerako ndi njinga, bulangete ndi chifuwa chosatha. Ena anatchona. Ena anathera mu ndege ija inagwa ku Francistown mu 1974. Koma mu 2008 ndi 2015 zidzukulu zawo zinathamangitsidwa mumzinda womwewo, akuti makwerekwere.

Zimandiwawa. Komatu ndisaname, mwezi watha mtsikana wina wochokera kumudzi anayala tomato pafupi ndi benchi yanga mumsika wa pa boma, ine n'kumuuza kuti, "Malo ano ali ndi eni ake." Usiku umenewo tulo sindinatione. Inenso ndinafika pano ndi dengu limodzi, mayi wina n'kundisenderako.

Tawuni imakula ndi obwera, abale. Wodzitcha mwini lero ndi mlendo amene anangofika msanga. Mtsikana uja sanabwerenso, mpaka pano ndikumufunafunabe.