Kodi Mulungu adabwera pa sitima?

Mwezi wathawu abusa a kumpingo kwathu adandipempha kuti ndikatsogolere zokambirana pa msonkhano wa achinyamata. Adaitananso amayi alangizi ndi akulu a mpingo angapo, ati ana ndi makolo amvane pa nkhani ya chikhulupiriro ndi chikhalidwe. Ine ndinkaganiza kuti tikakamba za mathalauza a atsikana ndi magitala a m'kwaya, kenaka tikamwa tiyi n'kubalalika. Sizidatero ai.

Mtsikana wina wa Folomu 3 adaimirira, mau akunjenjemera.

"Agogo anga aamuna adamwalira ku Dedza chaka chatha," adatero. "Iwo adali a gule, ndiye pa maliropo padatuluka zilombo. Amayi adandiletsa kupita, ati Mkhristu sakhala pamene pali Nyau. Koma agogowo ndi amene ankandilipirira fizi akagulitsa mbatata. Kodi ndidalakwa pomvera amayi, kapena ndikadalakwa ndikadapita?"

M'holo monse mudangoti zii. Mkulu wina adayankha kuti nkhaniyi idatha kalekale: tchalitchi ndi dambwe siziyenderana, basi. Koma mayi wina mlangizi, wa imvi mbuu, adakweza mkono.

"Mwanawe," adatero, "bambo anganso adaikidwa ndi gule. Ndidakhala kunyumba poopa kudulidwa mu mpingo. Mpaka lero ndikamadutsa pa manda paja ndimayang'ana kumbali."

Awerengi, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Tisamunyoze mkulu uja, pakuti mau ake ali ndi mizu. Kuyambira pamene amishoni a Dutch Reformed adafika ku Mvera mu 1889, ndi ansembe a White Fathers ku Mua mu 1902, mpingo ndi Nyau akhala akulimbirana ana, uyu akuti kusukulu, uyo akuti kudambwe. Ndipo tisaname, alipo anthu amene adathamangitsidwa kapena kukwapulidwa ndi zilombo panjira, iponso nyimbo zina zotukwana. Munthu amene adasiya zimenezi mwadala ali ndi chifukwa choopera kuti mdzukulu wake angabwerere komweko.

Komatu amishoni omwewo sadatibweretsere dzina latsopano la Mlengi. Adalipeza konkuno. Buku Lopatulika la mu 1922 limati Mulungu, ndipo Buku Loyera la mu 1998 limati Chauta, dzina lomwe makolo ankatchula popempha mvula ku Msinja kwa Makewana. Nanga ngati dzina lenileni la Mulungu tidalilandira kwa agogo osabatizidwa, tinganene bwanji kuti zonse za iwo ndi mdima? Mulungu sadabwere pa sitima, abale. Pa sitima padabwera uthenga.

Kunena zoona, mpingo wakhala ukupeta chikhalidwe chathu ngati mai wa lichero. Sinodi ya Nkhoma idakana chinamwali cha kumudzi, koma idaona kuti mtsikana sangakule popanda malangizo, ndiye idakhazikitsa chilangizo. Ku Mua, Bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo kumeneko nkhope za gule zidasungidwa pa malo a mishoni kuti anthu amve tanthauzo lake. Mu 2005 bungwe la UNESCO lidaika Gule Wamkulu pakati pa chuma cha mtundu wa anthu onse. Ndiye funso silakuti tipete kapena tisapete. Funso n'lakuti lichero lili m'manja mwa yani, ndipo kodi pamodzi ndi mankhusu sitikutayanso maso a chimanga?

Maganizo anga ndi awa. Kulowa gule ndi kwina, kulira agogo ako ndi kwina. Wopita ku maliro sapita kukavomereza chipembedzo cha womwalirayo. Amapita chifukwa ndi m'bale wake. Suja timakhala pa maliro a anzathu Achisilamu ku Mangochi osasanduka Asilamu? Lamulo lolemekeza makolo silidaike malire akuti makolowo akhale ndi khadi la mpingo.

Koma mtsikana uja sadalakwe pomvera amake. Olakwa ndife akuluakulu, amene timasenzetsa mwana mtolo wotikanika ife tomwe, n'kumuuza kuti asafunse. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma dambo louma limapsa nalonso. Mayi mlangizi uja adazimitsa moto tsiku limenelo chifukwa sadapereke lamulo. Adaulula bala lake. Pa misonkhano yathu ya achinyamata timachulutsa oyankha, koma ovomera kuti nawonso zidawavuta ndi ochepa.

Mkulu uja sadasinthe maganizo, ndipo ndikumulemekezabe. Koma tikutuluka ndidamva mayi aja akuuza mtsikanayo kuti: "Ukatsekera sukulu udzanditenge. Ndikawapempha ndekha amako. Tikalambule pa manda a agogo ako, tikapempherepo, kenaka udzandiperekeze kwa bambo anga."

Achoka Loweruka likubwerali, pa basi ya m'mawa.